Gitala ikamachoka pa kiyi mukangogwira ndodo ya tremolo

Dandaulo lake ndi limodzimodzi kwa oimba gitala yamagetsi ambiri. Mwatchuna bwinobwino, nyimbo yayamba, mwakanikiza ndodo ya tremolo (chipangizo chogwedezera mawu) kamodzi kokha, basi nsambo ya G yakwera, zina zatsika, wa kiyibodi wayamba kukuponyerani diso. Ena zikatero amatsegula kuseri kwa gitala n'kuyamba kupotokola masikuluwu mwachisawawa. Ena amangozula ndodo ija n'kuiponya m'chikwama, osadzaigwiranso. Koma nthawi zambiri bridge, chitsulo chimene chimagwira nsambo pathupi la gitala, imangonamiziridwa, vuto lili kumutu kwa gitala. Ndiye musanagwire sikuludiraiva, dziwani kaye pamene pakukakamira.

Mmene chinthuchi chimagwirira ntchito

Tremolo imene magitala ambiri anakopera ndi ya gitala ya Stratocaster, imene Leo Fender anatulutsa mu 1954. Bridge yake imatsamira kutsogolo pa masikuluwu 6, kapena pa timizati tiwiri ngati ndi mtundu watsopano. Pansi pake pali chitsulo cholemera chotchedwa block, chimene chimalowa m'thupi la gitala mpaka kuseri. Kuseriko kuli masipuling'i, kawirikawiri atatu ngakhale malo alipo a asanu. Mbali imodzi amakolowekedwa ku block, mbali ina ku kachitsulo kokhala ndi zala kotchedwa claw, ndipo claw imagwiridwa ndi masikuluwu awiri aatali olowa m'thabwa. Floyd Rose, mtundu wina wa tremolo, imene inabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kutchuka kwambiri chifukwa cha woimba gitala Eddie Van Halen, inangowonjezera zotsekera nsambo ku nut (kachidutswa ka timipata kamene nsambo zimadutsapo pamene khosi lakumana ndi mutu) ndi ku bridge. Mfundo yake sinasinthe.

Zili ngati sikelo ya pamsika: mbali iyi kuli nsambo, mbali iyo kuli masipuling'i, ndipo bridge imaima pamene mphamvu ziwirizi zafanana. Mphamvu zake si zamasewera. Pa gitala yotalika 648 mm kuchoka pa nut kufika pa bridge, nsambo za 9-42 (manambalawa amaonetsa kunenepa kwa nsambo) zimakoka pafupifupi makilogalamu 38, pamene za 10-46, zonenepapo, zimakoka pafupifupi makilogalamu 46. N'chifukwa chake munthu amene wapita kusitolo, osapeza nsambo zimene anazolowera n'kungogula zonenepapo zimene zilipo, amadabwa kuona bridge yadzuka kumbuyo ndipo nsambo zatalikira ma fret, tizitsulo topingasa ta pakhosi. Palibe chawonongeka. Mbali imodzi yangolemera ndi makilogalamu 8.

Nsambo imodzi, kapena zonse?

Funso ili ndi limene limagawa ntchito pakati. Tchunani gitala, kanikizani ndodo pansi kamodzi, isiyeni ibwerere yokha, ndiye yesani nsambo iliyonse ndi tuner, kachida koyesera kiyi. Ngati zachoka pa kiyi ndi imodzi kapena ziwiri, makamaka G ndi B, zinazo zili bwino, bridge yabwerera pamalo pake ndipo vuto lili panjira ya nsambozo. Ngati zonse 6 zatsika limodzi mutakanikiza, kenaka zonse n'kukwera limodzi mutakokera ndodo m'mwamba, ndiye kuti bridge ikulephera kubwerera pomwe inali, ndipo muyang'ane pamene imatsamira.

Tiyambe ndi nsambo imodzi, popeza ndi limene limavuta anthu ambiri.

Mukakanikiza ndodo, nsambo imakhwepa ndipo kachidutswa kake kamatsetserekera kumutu kudzera mu kampata ka nut. Mukasiya ndodo, kachidutswa kameneka kayenera kubwerera. Kampata kakakhala kothina kapena kokhakhala, nsambo imagwidwa, mbali imene mukuimba imatsala yokungika, mawu n'kukwera. Mukakoka nsambo ndi chala zimachitika mosemphana: imatsetsereka kuchoka kumutu, osabwerera, mawu n'kutsika. Gitala imene imakwera mukagwiritsa ndodo n'kutsika mukakoka nsambo ndi chala, musaifunsenso zambiri, ndi nut imeneyo. Umboni wina ndi kaphokoso ka "ting!" kamene kamamveka mukamazunguliza kiyi yotchunira: mawu amakhala osasuntha, kenaka n'kudumpha mwadzidzidzi.

Mankhwala oyamba ndi pensulo wamba. Kwezani nsambo, pakani nsonga ya pensulo mu kampatako mpaka kade, bwezerani nsambo. Ena amasakaniza fumbi la pensulo ndi kadontho ka Vaseline kuti likhalitse, ndipo zimathandizadi. Mafuta ophikira ayi, amamata fumbi n'kusanduka phula. Pakaninso pang'ono pansi pa tizitsulo timene timapanikiza nsambo za B ndi E kumutu, komanso pa saddle, kachitsulo ka pa bridge pamene nsambo imapindikira. Pensulo ikakanika, kampata kachepa, makamaka ngati mwasamukira ku nsambo zonenepa. Pindani kasandipepala kosalala kwambiri, mupititse m'mbali mwa kampatako kawiri kapena katatu. M'mbali mokha, osati pansi. Mukakumba pansi nsambo idzagona pa fret yoyamba n'kumalira ngati njuchi, ndipo kukonza kwake n'kugula nut ina. Amene dzanja limamunjenjemera, apa ndi pabwino kupita kwa wokonza magitala amene ali ndi tupa za nut.

Yang'ananinso mmene nsambo zakulungidwira ku makiyi. Zokulunga zambirimbiri zokwerana zimakhwepa mukakanikiza ndodo ndipo sizibwerera mmene zinalili. Nsambo zonenepa zizungulire kawiri kapena katatu, zowonda kanayi kapena kasanu, mzere uliwonse pansi pa unzake mosakwerana. Nsambo zatsopano muzikoke pang'onopang'ono ndi zala kuchoka ku bridge mpaka ku nut, mutchunenso, mubwereze mpaka zisiye kutsika. Anthu ambiri amene amati tremolo yawo ndi yachabechabe amakhala kuti aika nsambo madzulo omwewo n'kukwera nazo pansanja asanazikoke. Ndipo nsambo zadzimbiri, zomwe zadya thukuta miyezi yambiri, palibe amene angazitchune. Zichotseni musanayambe ntchito ina iliyonse.

Tsopano zonse zikamasuntha limodzi. Pa bridge ya masikuluwu 6, cholakwika chofala n'chakuti wina anawamanga onse mwamphamvu poganiza kuti akhwepa. Mitu yake ikapanikiza bridge, bridge siyenda momasuka. Njira imene akampani ya Fender amalangiza ndi iyi: bridge itagona pathupi la gitala, masulani masikuluwu onse 6 kuti mitu yake ikwere pafupifupi 1.6 mm, kenaka mubwezere awiri a m'mbali mpaka mitu yake ingokhudza bridge, osapanikiza. Anayi apakati amangothandiza kuti isagwedezeke. Khwefulani nsambo musanachite zimenezi.

Pa bridge ya timizati tiwiri ndi pa Floyd Rose, bridge imatsamira pa timipeni tiwiri timene timalowa m'timizera ta timizatito. Timipeniti tikabuntha kapena kukumbika, bridge imaima paliponse pamene yafuna. Chimene chimatipha msanga ndi kuzunguliza timizati nsambo zili zokungika: makilogalamu pafupifupi 40 aja amakhala akupera chitsulo pa chinzake. Khwefulani nsambo kaye nthawi zonse. Mukachotsa bridge yonse n'kupeza timipeni tili bwino, pukutani, pakani kadontho ka Vaseline, bwezerani. Mukapeza tokumbika, pa bridge yotsika mtengo yachitsulo chofewa, kunola kumangokupatsani miyezi yowerengeka. Njira yokhalitsa n'kusintha bridge, kapena kuitsekeratu monga tinene kutsogoloku.

Bridge yadzuka kumbuyo, kapena yamira

Ili ndi vuto limene limaopsa maso koma losavuta. Ngati kumbuyo kwa bridge kwadzuka, nsambo zapambana: mangani masikuluwu awiri a claw, kupotokolera mmene wotchi imayendera. Ngati bridge yamira kumbuyo, masipuling'i apambana: masulani. Pa Floyd Rose mukufuna kuti bridge igone molingana ndi pamwamba pa thupi la gitala, osadzuka, osamira. Pa Stratocaster ya bridge yoyandama, ndiye kuti yosakhudza thupi kumbuyo kwake, Fender amanena mpata wa pafupifupi 3.2 mm pakati pa kumbuyo kwa bridge ndi thupi.

Chimene chimatopetsa anthu n'chakuti mukagwira mbali imodzi, ina imasuntha. Mukamanga claw, nsambo zimakwera mawu. Mukazitsitsa, bridge imamiranso kuposa mmene mumaganizira. Choncho potokolani theka la kuzungulira kokha pa sikuluwu iliyonse, zonse ziwiri mofanana, mutchune nsambo zonse, muyang'ane, kenaka mubwereze. Musaweruze mmene bridge yakhalira gitala isanafike pa kiyi, ndipo muziyang'ana mutaigwira mmene mumaimbira, osati itagona chafufumimba patebulo ndodo itapanikizika.

Pali njira yachidule imene imapulumutsa madzulo onse. Kuseri, block ili ndi mpata mbali ziwiri: mbali ya masipuling'i, ndi mbali inayo yoyang'ana kumatako kwa gitala. Pezani kathabwa, kapena makobidi omangidwa pamodzi ndi tepi, konenepa mokwanira kuti mukakalowetsa mu mpata wa kumatako bridge iime ndendende pamene mukufuna. Masulani claw pang'ono kuti nsambo zipanikize block pa kathabwako. Tsopano bridge siyendanso, ndiye tchunani gitala ngati ina iliyonse, mukonzenso zina zonse zimene mukufuna kukonza. Mukamaliza, mangani claw pang'onopang'ono, sikuluwu iyi kenaka inzake, mpaka kathabwa kagwe kokha. Pamene kagwerapo ndi pamene masipuling'i afanana ndi nsambo, ndipo gitala imakhala ili pa kiyi kapena pafupi kwambiri.

Claw ikafika kukhoma koma bridge idakali yodzuka, onjezani sipuling'i imodzi n'kubweza claw m'mbuyo. Ikatsala pang'ono kuzuka koma bridge idakali yomira, chotsani imodzi, chifukwa sikuluwu yongogwira ndi nsonga ikhoza kuzuka ndi thabwa lomwe. Bowo likalala, sikuluwu n'kumangozungulira, lowetsani timitengo ta machesi topaka guluu wa matabwa, mudikire liume usiku wonse. Za mmene masipuling'i aikidwire, kaya mowongoka kaya mosongoka ngati muvi, anthu amatsutsana mpaka kutha mawu. Kwa ine chofunika n'chakuti akhale ofanana mbali zonse ziwiri. Samalani kawaya kamene kanawotcheredwa pa claw: kakaduka, gitala imayamba kulira "ziii" mu ampu, ndipo kugwira nsambo sikuletsa phokosolo.

Kodi mukufunadi kuti iziyandama?

Funsoli anthu amalilumpha, chonsecho ndi limene likanathetsa theka la madandaulo. Bridge yoyandama imakulolani kutsitsa ndi kukweza mawu, ndipo kugwedeza kwake n'kofewa mokoma. Jeff Beck ankaimba choncho. Koma mtengo wake ndi uwu. Mukakoka nsambo imodzi ndi chala, zinazo zimatsika pang'ono. Mukatsamiritsa chikhatho pa bridge mwamphamvu, zonse zimakwera. Mukatsitsa nsambo ya E kupita pa D, zisanu zotsalazo zimasokonezeka. Nsambo imodzi ikaduka pakati pa nyimbo, masipuling'i amakoka bridge, zotsala zonse n'kukwera nthawi imodzi, nyimbo yathera pomwepo. Zimenezi sizikonzeka chifukwa si kuwonongeka, ndi chibadwa cha bridge yoyandama.

Munthu amene ali ndi gitala imodzi yokha, amene amaimba kutchalitchi Lamlungu ndi paukwati Loweruka, wopanda ina yoti atole nsambo ikaduka, ine ndimamuuza kuti aigoneke. Kugoneka ndi kumanga claw mpaka kumbuyo kwa bridge kukhale pathupi la gitala, kenaka n'kuwonjezera pang'ono kuti ngakhale mukoke nsambo ya G mwamphamvu bridge isadzuke. Ndodo imagwirabe ntchito yotsitsa mawu, ndipo bridge imakhala ndi malo enieni obwererapo. Musamange mopitirira, ndodo ingalimbe ngati chitsulo cha pageti. Floyd Rose imene pansi pake anakumbapo dzenje siingagone pathupi, ndiye mumamata kathabwa mu mpata wa mbali ya masipuling'i kuti block izitsamirapo.

Amene ndodo saigwira n'komwe, atsekeretu: kathabwa kothina kuseri kwa block, masipuling'i omangika, basi. Musachite nazo manyazi. Eric Clapton amatero, moti Stratocaster ya dzina lake imachoka kufakitale ili ndi kathabwa kale.

Za Floyd Rose zokha

Mtundu uwu umasunga kiyi kuposa ina yonse ukakonzedwa bwino, komanso umalanga munthu wopupuluma. Sinthani nsambo imodzi imodzi, ndipo yatsopanoyo ifike pa kiyi musanachotse yotsatira. Kampira ka kumapeto kwa nsambo mumakadula, nsonga n'kulowa mu saddle, n'kuimanga ndi Allen key ya 3 mm. Mangani mokwanira kuti isapulumuke, osati ndi mphamvu zonse za mkono, chifukwa kachitsulo kopanikiza nsambo kamasweka. Musanatseke ku nut, bwezerani timakiyi tating'ono totchunira ta pa bridge pakatikati kuti mukhale ndi poyendera mbali zonse. Potchuna musapite motsatana. Yambani E yonenepa, kenaka E yowonda, A, B, D, G, n'kubwereza kangapo. Poyamba muzipitiriza pang'ono pamwamba pa kiyi, poti nsambo iliyonse imene mukukweza ikutsitsa zinzake.

Ngati mawu amakwera mukangotseka ku nut, nsambo sizikugona bwino pa nut. Tsitsani pang'ono kachitsulo kopingasa kamene kali kuseri kwa nut mpaka nsambo zigone pa nut yonse musanatseke. Ngati nut yatsekedwa koma gitala ikusokonezekabe, gwedezani nut ndi zala: masikuluwu amene amaigwira kukhosi amakhwepa, ndipo anthu amaiwala kuti alipo.

Kutalika kwa nsambo ndi kulondola kwa mawu

Izi zimabwera bridge itakhazikika, ndipo zili ndi ndondomeko yake. Choyamba khosi. Panikizani nsambo ya E yonenepa pa fret yoyamba ndi pa yomaliza, muone mpata pa fret ya 8. Ukhale pafupifupi 0.25 mm, kongokwana kapepala kolimbirapo. Mukafuna kusintha, chitsulo cha m'khosi chimene chimaliwongola muchizungulize kota yokha pa nthawi, ndipo chikakana musachikakamize. Khosi limasuntha ndi nyengo: gitala imene munaikonza m'mwezi wa Okutobala kukuwotcha ikhoza kusintha mvula ikakhazikika, bridge yoyandama n'kusuntha nayo. Musanaimbe mlandu masipuling'i, yesani khosi.

Chachiwiri kutalika kwa nsambo. Poyambira pabwino ndi 1.6 mm pakati pa nsambo ndi fret ya 17. Pa Stratocaster mumakweza kapena kutsitsa saddle iliyonse ndi timasikuluwu take tiwiri, ndipo saddle ikhale yosapendekeka. Pa Floyd Rose mumagwiritsa ntchito timizati tiwiri tija, nsambo zitakhwefulidwa.

Chomaliza ndi kulondola kwa mawu kumtunda kwa khosi. Tchunani nsambo, ipanikizeni pa fret ya 12, muone tuner. Mawu akakwera, bwezani saddle m'mbuyo kuti nsambo italike. Akatsika, isendezeni kutsogolo. Pa Floyd Rose muyenera kukhwefula nsambo kaye musanamasule kasikuluwu ka 2.5 mm kogwira saddle, apo ayi saddle idzathamangira kutsogolo. Apa kathabwa kaja kamathandiza kwambiri. Tuner ikamangovina osakhazikika pa nsambo zonenepa, onani ngati pickup, kachida kotola mawu pansi pa nsambo, siyakwera kwambiri: maginito ake amakoka nsambo. Itsitseni kuti pakhale mpata wosachepera 2 mm nsambo itapanikizidwa pa fret yomaliza.

Tina ndi tina

Ndodo yogwedera, yolira "kokoko" musanayambe n'kukanikiza komwe, ikulungeni tepi yoyera ya okonza mipopi ya madzi pamizere yake. Magitala ena a Fender amakhala ndi kasipuling'i kakang'ono m'bowo la ndodo, kamene kamagwa mukatembenuza gitala ndodo itachotsedwa. Matani katepi pabowopo. Musamange ndodo mpaka kumapeto ndi mphamvu, imathyokera m'kati ndipo kuchotsa chidutswacho ndi ntchito yowawa. Ngati mukumva kulira kopitirira mutasiya kuimba, makamaka ampu ili pamwamba, ndi masipuling'i: lowetsani kasiponji pansi pake kapena m'kati mwake, mosathina. Timasikuluwu ta saddle tikachita dzimbiri ndi thukuta la chikhatho, donthezani mafuta a makina osokera, mudikire, kenaka muzungulize ndi Allen key yokwana ndendende. Magitala opangidwa ku America amagwiritsa ntchito miyezo ya mainchesi, ambiri a ku Asia ya mamilimita, ndipo kiyi yongoyandikira imalalitsa bowo kamodzi n'kamodzi.

Tremolo ya Bigsby, imene imapezeka kawirikawiri pa magitala a Gretsch, ilibe zotsegula kuseri. Ili ndi sipuling'i imodzi pansi pa ndodo, ndipo inapangidwira kugwedeza mawu pang'ono, osati kuwagwetsera pansi. Ikamachoka pa kiyi, pakani pensulo pa nut ndi pa saddle zonse. Poika nsambo, pindani kaye mbali ya kampira kuti ikumbatire chitsulo chozungulira, ndipo mutsekere kampirako ndi kasiponji kuti kasavuke pa kamsomali kake pamene mukukunga.